Kalata yotseguka kwa oyang'anira ntchito ya unamwino: maphunziro a masiku awiri sakwanira kuti namwino abaye nkhope ya munthu

Olemekezeka akuluakulu a mabungwe olembetsa anamwino, a maunduna a zaumoyo, komanso eni masukulu ophunzitsa kubaya jakisoni wokongoletsa thupi,

Ndikupatsani moni ndi ulemu wonse woyenera maudindo anu. Ine ndine namwino. Ndagwira ntchito m'mawodi kwa nthawi yaitali, ndipo ambiri mwa anamwino achinyamata amene lero akundifunsa nzeru anadutsa m'manja mwanga ali ophunzira. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake ikukhudza anthu amene sakhala nawo pa misonkhano yanu: namwino amene akuganiza zosiya wodi, ndi munthu amene mawa agona pa kabedi kuti amubaye milomo.

Chandilembetsa ndi malonda amene adzaza pa Facebook, Instagram ndi TikTok. Akuuza anamwino kuti akabwera Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba adzuka ali akatswiri obaya Botox ndi filler (mankhwala ofafaniza makwinya ndi ofufumitsa milomo kapena masaya), asiya kuchezera usiku, ayamba bizinesi yawoyawo. Anamwino akupitadi, akulipira, akubwerako ndi setifiketi yokongola. Inu amene muli ndi kaundula wa mayina athu simunatiuze momveka ngati pepala limenelo lili ndi mphamvu kapena ayi, ndipo kukhala chete kwanu ogulitsa maphunzirowa akukutenga ngati chilolezo.

Ndinene poyamba kuti sindikutsutsa ntchitoyi. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wofuna kuti makwinya a pachipumi afafanizike. Namwino nayenso ali ndi ufulu wofuna ntchito yomupatsa malipiro okwanira ndi tulo. Ndipotu ngati wina ayenera kugwira singano imeneyi, ndingakonde akhale namwino kusiyana ndi munthu amene sanaonepo wodwala akubanika. Dandaulo langa ndi loti tikumutumiza namwinoyo atangophunzira kubaya kokha, pamene kubaya ndiye gawo losavuta la ntchito yonseyi.

Tiyambe ndi zimene zili m'sirinji. Botox ndi dzina la malonda la poizoni wopangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum. Dokotala wa maso, Alan Scott, ndiye anayamba kumugwiritsa ntchito pochiza maso opotoka, ndipo bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linamuvomereza mu 1989 pa matenda a maso. Kuti amafafaniza makwinya anazindikira madokotala Jean ndi Alastair Carruthers ku Vancouver, m'dziko la Canada, cha m'ma 1987, ndipo FDA inadzaloleza ntchito yokongoletsayi mu 2002. Mankhwalawa amatseka uthenga wochokera ku mtsempha kupita ku mnofu, mnofuwo n'kufooka kwa miyezi itatu kapena inayi. Ukabaya pamalo olakwika pang'ono chabe, chikope chimagwa, kapena mbali imodzi ya kamwa imakana kumwetulira, ndipo palibe jakisoni wina wobwezera zinthu mwakale tsiku lomwelo. Munthuyo amangodikira milungu ingapo akudziona pagalasi. Kuwonjezera apo, muyeso wa Botox sufanana ndi wa Dysport, amene ndi poizoni yemweyu wopangidwa ndi kampani ina. Wophunzira amene anangoloweza manambala a kampani imodzi akhoza kulakwitsa akagula mankhwala a kampani ina.

Mu 2009 FDA inalamula kuti pa mabokosi a mankhwalawa pakhale chenjezo lalikulu loti poizoniyu angathe kufalikira kutali ndi pamene wabayidwa, n'kuyambitsa vuto la kumeza ndi kupuma. Izi si nthano zoopsezera ophunzira. Mu 2024 bungwe lolimbana ndi matenda ku America la CDC linafufuza za anthu a m'zigawo zingapo za America amene anadwala atabayidwa Botox wachinyengo kapena wosasungidwa bwino, ambiri m'nyumba ndi m'malo osakhala a chipatala, ndipo ena anagonekedwa. Mu 2025 ku England, pakati pa June ndi July pokha, akuluakulu a zaumoyo anawerenga anthu 38 odwala botulism, matenda obwera ndi poizoniyu, atabayidwa jakisoni wokongoletsa. Kodi m'maphunziro a masiku awiri aja, ndi ola liti limene namwino amaphunzira kuzindikira botolo lachinyengo, kapena kukana mankhwala otsika mtengo a pa intaneti amene sakudziwika ngati anayenda ulendo wonse ali ozizira?

Koma chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi filler, ndipo pano ndipempha mundilole ndichedwepo. Filler ndi phala lolimba pang'ono limene amalowetsa pansi pa khungu kuti milomo, masaya, chibwano kapena mphuno zifufume. Nkhope ya munthu ili ndi mitsempha ya magazi yambiri yolumikizana, ndipo siyenda mofanana mwa aliyense. Pamene buku lajambula kuti palibe mtsempha, mwa munthu wina ulipo. Singano ikalowa mu mtsempha, phalalo limatseka njira ya magazi. Pamalopo pamayera msanga. Ululu umakhala wopitirira umene umayembekezeka, ngakhale kuti nthawi zina subwera n'komwe chifukwa filler wambiri amasakanizidwa ndi mankhwala ochititsa dzanzi. Ukadina ndi chala, magazi amachedwa kubwerera. Pakapita maola pamachita mawangamawanga ngati ukonde, kenako pamada, patapita masiku pamatuluka timatuza, mnofu n'kufa. Mwa munthu wa khungu lakuda kuyera koyambirira kuja sikuoneka msanga, ndipo zithunzi zambiri zophunzitsira n'za anthu a khungu loyera. Mfundo imeneyi yokha ikanayenera kukhala ndi phunziro lake.

Choopsa kuposa apo n'chakuti mitsempha ya pakati pa nsidze ndi ya pamphuno imalumikizana ndi mtsempha wodyetsa diso. Filler akakankhidwa mwamphamvu akhoza kubwerera m'mbuyo mpaka kukatseka kumeneko, munthu n'kusiya kuona ali pakabedi pomwepo. Nthawi yoyesera kupulumutsa diso imawerengedwa m'mphindi, ndipo kawirikawiri kuona sikubwerera. FDA inachenjeza za ngozi zimenezi mu 2015, kuphatikizapo sitiroko. Madokotala odziwa kwambiri nawonso zimawachitikira. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amazizindikira nthawi yomweyo ndipo amadziwa chochita.

Filler wa mtundu wa hyaluronic acid ali ndi mankhwala omusungunula, otchedwa hyaluronidase. Mitundu ina ilibe, ndipo silikoni wamadzi amene FDA inachenjeza mu 2017 kuti asabayidwe pokuza ziwalo akalowa walowa. Ndiye funso losavuta limene ndimafunsa namwino aliyense amene wandionetsa setifiketi yake ndi ili: hyaluronidase uli naye m'kabati? Wokwanira kubaya kangapo? Unayesapo kumusungunula ndi kumubaya wina akukuyang'anira? Mayankho amene ndimalandira amandimvetsa chisoni. Ena anangomumva dzina pa ola lomaliza, anthu akutolera zikwama.

Ndinaonapo mtsikana wina atabwera kuchipatala mbali imodzi ya mphuno itada, timatuza titayamba kale. Anali atabayidwa masiku angapo m'mbuyomo. Madzulo a tsiku lomwelo anatumiza chithunzi kwa amene anamubaya, ndipo anamuyankha kuti ndi magazi ongoundana, ayikepo ayezi, zitha. Ayezi amafinya mitsempha, choncho malangizowo anangowonjezera vuto. Amene anamubayayo anali namwino wolembetsedwa, osati munthu wankhanza kapena wosasamala. Anabwera kudzamuona, akunjenjemera, ndipo zinaoneka kuti zimene ananena pafoni ndi zimene ankakhulupiriradi. Palibe anamuphunzitsa kusiyanitsa. Mtsikanayo anatsala ndi chipsera pankhope, pamalo pamene analipira kuti pakongole.

Izi zikundifikitsa pa maphunziro enieniwo. Ambiri amapereka pepala longochitira umboni kuti munthu analipo. Palibe mayeso amene wina angalephere, chifukwa wolephera sabweretsa anzake. Wophunzira amabaya chidole, kenako munthu mmodzi kapena awiri amene anabwera chifukwa chotsitsiridwa mtengo, basi watha. Nthawi zambiri amene akuphunzitsa ndi yemwenso akugulitsa mankhwala, ndipo mphunzitsi wotero sangachedwe pa mutu wa ngozi. Pa setifiketi pamalembedwa kuti maphunzirowa ndi ovomerezeka, koma ukafunsa kuti wavomereza ndani, umapeza bungwe limene ntchito yake n'kugulitsa chidindo. Ife m'sukulu za unamwino sitilola wophunzira kuika drip yekha asanaonetse kangapo pamaso pa womuyang'anira kuti akutha. N'chifukwa chiyani nkhope tikuipeputsa kuposa mkono?

Palinso anamwino amene angomaliza kumene sukulu n'kulunjika ku ntchitoyi asanagwirepo m'wodi. Sindikuwanyoza, koma pali zinthu zimene wodi yokha imaphunzitsa: kuona munthu n'kudziwa kuti sali bwino asanalankhule, kusagwidwa njakata wina akatupa mmero chifukwa thupi lakana mankhwala, kudziwa pamene pali adrenaline, jakisoni wopulumutsa munthu wotero, osachita kufunafuna. Ku Australia, malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu September 2025 amafuna kuti namwino akhale atagwira kaye ntchito ya unamwino wamba kwa chaka chathunthu asanalowe m'zokongoletsa. Kwa ine chaka chimodzi n'chochepa, koma ndi poyambira.

Dandaulo lina ndi la amene amalemba mankhwala. M'maiko ambiri botulinum toxin, poizoni wa mu Botox uja, ndi mankhwala ofunika kulembedwa ndi dokotala kapena namwino wokhala ndi chilolezo chapadera. Zimene zikuchitika n'zakuti dokotala amabwereketsa dzina lake. Dzinalo lili pakhoma, iye ali kutali, kasitomala sanamuonepo, mankhwala amalembedwa pafoni. Zinthu zikayenda bwino, aliyense amalandira gawo lake. Zikavuta, foni ya dokotala siyankhidwa, mwini bizinesi amati iye si wachipatala, sukulu imati inangophunzitsa, a inshulansi amati ntchito imeneyi sinali m'pangano. Amene amaitanidwa pamaso panu kudzayankha mlandu ndi namwino, yekhayekha, ndipo laisensi imene anaivutikira zaka zambiri ndi imene imakhala pachiswe. Bungwe la anamwino ku UK, la Nursing and Midwifery Council, linalamula kuti kuyambira pa 1 June 2025 namwino wolemba mankhwala okongoletsa ayenera kuonana ndi munthuyo maso ndi maso. Lamulo lophweka chonchi likanatha kukhalapo paliponse.

Za malo ogwirira ntchito ndinene mwachidule. Anthu akubayidwa m'masaluni, m'zipinda za hotelo, pabalaza, pa maphwando pamene mowa uli pathebulo. Mu 2024 CDC inafotokoza za malo ena okongoletsa opanda laisensi ku New Mexico, m'dziko la America, amene anatsekedwa mu 2018, kumene azimayi osachepera atatu anatenga HIV atachitidwa njira yobaya nkhope ndi madzi a m'magazi. Ofufuza anapeza timabotolo ta magazi topanda mayina m'furiji momwe munalinso chakudya. Namwino amadziwa bwino za ukhondo, koma akalembedwa ntchito pamalo otero, wopanda womuteteza, adzalimbana ndi bwana wake mpaka liti?

Tsono pali nkhani imene ogulitsa maphunziro sailankhula n'komwe, ya kukana. M'wodi, wodwala amabwera chifukwa akudwala, ndipo namwino salandira ndalama zowonjezera akamubaya jakisoni wachiwiri. Kuno zinthu zatembenuka. Munthu amabwera ali bwinobwino, ndipo malipiro a namwino amakwera ndi sirinji iliyonse. M'malo ena amapatsidwa chiwerengero choti afikire pa mwezi. Kodi namwino wa zaka zochepa pantchito, wokhala ndi ngongole ya maphunziro aja, adzauza bwanji kasitomala kuti milomo yanu yakwana, pitani kwanu? Komatu pali anthu ofunika kubwezedwa. Woyembekezera ndi woyamwitsa sabayidwa. Wodwala matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis sapatsidwa botulinum toxin mwachisawawa. Wokhala ndi chilonda kapena matenda pamalo obayapo ayenera kudikira. Ndiye pali iwo amene ali ndi vuto la m'maganizo lotchedwa body dysmorphic disorder, amene amaona chilema pamene ena sakuona kanthu. Jakisoni sawachiza, amangowabweretsanso mwezi wamawa ndi dandaulo latsopano. Munthu wotere amafunika womumvetsera ndi kumutumiza kwa odziwa za maganizo, ndipo luso limeneli silibwera lokha.

Ana nawonso akubwera, atanyamula chithunzi chawo chimene foni yasalaza ndi kuchepetsa mphuno. England inaletsa kuyambira pa 1 October 2021 kubaya Botox kapena filler wokongoletsa kwa aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale kholo litavomera. Kumene lamulo lotere kulibe, zimangodalira chikumbumtima cha amene wagwira singano.

Mwina mudzati tikudikira tione kukula kwa vutoli. Ena anadikira. Mu 2013 lipoti la dokotala wamkulu Sir Bruce Keogh ku England linanena kuti munthu wochitidwa zokongoletsa zosafuna opaleshoni alibe chitetezo choposa cha munthu wogula bolopeni kapena mswachi. Zinatenga mpaka 2022 kuti nyumba ya malamulo ipereke mphamvu zokhazikitsa malaisensi a ntchitoyi, ndipo m'zaka zapakatizo anthu anapitiriza kuvulala. Mu 2024 mayi wina kumeneko anamwalira atabayidwa filler wokuza matako. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komanso kumbukirani kuti kumene kulibe kaundula wa ngozi, ziwerengero zimaoneka zochepa chifukwa palibe akuwerenga. Wovulala nkhope amachita manyazi, amabisala m'nyumba, ndipo ena amamuuza kuti wazifuna yekha.

Sindingasiye kutchula mawodi amene akutsala opanda anthu. Bungwe la WHO linanena mu lipoti lake la 2025 kuti dziko lonse likuperewera anamwino pafupifupi 5.8 miliyoni. Aliyense wopita ku zokongoletsa wasiya mpata penapake, ndipo zikavuta kokongoletsako, wovulalayo amathamangira kuchipatala chomwecho chimene chikusowa anthu. Komabe musayankhe pomangirira anamwino ndi ziletso. Afunseni chimene chikuwathamangitsa. Adzakuuzani za malipiro, za mashifiti otsatizana, za kukalamba pa giredi imodzi. Malonda a pa intaneti aja akugwira ntchito chifukwa apeza anthu otopa kale.

Zopempha zanga ndi izi, ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha amene ndikuzifuna.

1. Lembani poyera, m'mawu amene namwino ndi kasitomala angamve, kuti ndi namwino wa mlingo uti amene angabaye jakisoni wokongoletsa, wa mtundu wanji, pa ziwalo ziti. Malo oopsa monga mphuno ndi pakati pa nsidze, komanso kubaya kokuza matako ndi mabere, zisakhale za wongoyamba kumene.

2. Maphunziro avomerezedwe ndi inu, osati ndi amene akuwagulitsa. Akhale ndi phunziro lozama la mitsempha ndi minofu ya nkhope, la mankhwala, la kuzindikira ngozi pa khungu la mitundu yonse, ndi la kuchitapo kanthu mwadzidzidzi. Wophunzira aonerere kaye, kenako abaye anthu okwanira pamaso pa womuyang'anira, zonse zilembedwe m'buku losainidwa. Pakhale mayeso amene munthu angalephere. Mayina a masukulu ovomerezeka alengezedwe, kuti namwino asanalipire athe kuyang'ana.

3. Namwino agwire kaye ntchito ya chipatala asanaloledwe kulowa m'zokongoletsa.

4. Wolemba mankhwala aonane ndi munthuyo yekha asanalembe, ndipo apezeke ngozi ikachitika. Wobwereketsa dzina ayankhe mlandu limodzi ndi namwino, chimodzimodzinso mwini bizinesi amene anagula mankhwala osadziwika kochokera.

5. Malo aliwonse obayira alembetsedwe ndi kuyenderedwa mosachenjeza. Pasapezeke filler wa hyaluronic acid popanda hyaluronidase wokwanira, adrenaline, ndi ndondomeko yolembedwa yonena kuti munthu akasiya kuona athamangira naye kuti, aimbira ndani. Kasitomala achoke ndi pepala lolemba dzina la mankhwala, nambala ya botolo, zizindikiro zoopsa, ndi nambala ya foni imene imayankhidwa ngakhale usiku.

6. Letsani kubaya ana osakwana zaka 18 pofuna kukongoletsa. Letsaninso kulipira namwino molingana ndi kuchuluka kwa masirinji, ndi malonda olonjeza kuti palibe chiopsezo chilichonse.

7. Tsegulani kaundula wa ngozi momwe namwino angalembe zimene zachitika osaopa kuti kuulula kokhako kumuchotsetsa ntchito, ndi khomo limene wovulala angadandaulirepo osasekedwa. Chaka chilichonse tiuzeni zimene mwapeza.

Pali anamwino ambiri amene ayamba kale ntchitoyi ndi masetifiketi a masiku awiri aja. Musawasake ngati zigawenga, chifukwa analowa pakhomo limene munalisiya lotsegula. Apatseni nthawi yodziwika yoti alembetse, awonjezere maphunziro, ayesedwe, ndipo amene sakwanitsa asiye. Ambiri a iwo adzabwera okha, chifukwa amene anaonapo khungu likuyera pansi pa singano yake amadziwa kuperewera kwake kuposa ife tonse.

Kwa eni masukulu amene mukuphunzitsa moona mtima, ndikudziwa kuti mulipo, ndipo malamulowa akutetezani kwa amene akupikisana nanu ndi maphunziro achidule otsika mtengo. Lankhulani nafe. Kwa inu a mabungwe ndi maunduna, ndikupempha yankho lolembedwa, loikidwa pamene anamwino onse angaliwerenge, lonena kuti mwa mfundo zisanu ndi ziwirizi ndi ziti zimene mwavomera, ndi ziti zimene mwakana ndi chifukwa chake, komanso tsiku limene ntchito iyambike. Mukaitanitsa msonkhano, muitanemo anamwino amene akubaya kale ndi anthu amene anavulalapo.

Ine wanu mwaulemu,
Namwino ndi mphunzitsi wa anamwino